Tsiku la Sikelo ku Zingwangwa

Tadzuka phiri la Soche lisanavule chifunga,
iwe kumsana, kabuku kako m'jumbo ya shuga
kuopa kamvula ka chiperoni.
Pabenchi tapeza amayi makumi atatu atatsogola kale,
tayimba nawo nyimbo ya kulera, tulo tili m'maso.

Iwe, Ndaziona, sunayimbe.
M'kamwa munali mlendo wako wa masiku onse,
chala chamanthu cha kumanzere,
chotuwa, chamakwinya ngati cha munthu wochapa tsiku lonse,
tsopi, tsopi, tsopi,
zala zinazo zitagwira mphuno ngati ingathawe.

Mayi wa duku lofiira wandigunyuza:
"Mpakeni tsabola ameneyu.
Wanga ndinamumanga sokosi, sabata imodzi kwatha."
Wina kumbuyo: "Mano adzatulukira panja ngati khonde."
Wachitatu sanakweze mawu,
wangoyang'ana pachifuwa panga n'kuti,
"Kapena sakhuta."
Mawu awiri okha,
koma andilowa ngati munga wa pachidendene.

Pajatu mwezi watha mzere unagona.
Unatsegula m'mimba masiku anayi
mipopi itauma, titatunga pachitsime cha kumunsi,
ndipo cholembera cha a Kaliwo chinayenda chopingasa
ngati njanji ya ku Limbe.
Usiku umenewo ndinawerenga nthiti zako ndi zala.
Kuchokera apo, phala lothira nsinjiro,
dzira limodzilimodzi la ngongole pa okala ya a Nyirongo,
amene tsopano sandiyankha moni msanga.

Dzina lako laitanidwa.
Ndakuvula, ndakuika m'chitenje, mfundo pangowe,
walendewera pakhonde, lende lende,
ngati mkoko wa nthochi wofika kumene kuchokera ku Thyolo.
Muvi ukuvina, kudikira kuti usiye kupalasa.
Ana ena akafika apa amalira mpaka ku Chimwankhunda amve.
Iwe walowetsa chala, phee.
Muvi waima.

"Eyiti poyinti wanu."
A Kaliwo aika kadontho pamwamba pa ka mwezi watha,
alumikiza,
mzere wadzuka, wayamba kukwera chitunda.
Kalamba ka pamkono kagwera pobiriwira.
Ndapuma mpweya umene ndinausunga masabata anayi.

Ndafunsa monong'ona za chalacho.
Sanakweze n'komwe mutu, akulemba tsiku lobweranso:
"Ena amayamba ali m'mimba, mayi.
Si njala. Akudzitonthoza yekha.
Muzimusambitsa m'manja ndi sopo, muzimuwenga zikhadabo,
tsabola musungire ndiwo.
Akadzakwana zaka zinayi asanasiye, mudzabwere tidzakambirane.
Wotsatira!"

Kenako jakisoni wa chikuku.
Wakuwa kamodzi, mano awiri a m'munsi poyera,
misozi mbwe.
Ndathamangira kumasula bulauzi,
koma iwe wapeza kale chako.
Ndisaname, kansanje kandigwira.
Miyezi isanu ndi inayi mankhwala ako ndinali ine ndekha,
lero uli ndi akoako,
oyenda nawo, osagula, osapempha kwa munthu.

Pobwerera tadutsa pamsika,
pa anyamata a chiwaya, pa mulu wa makala,
iwe uli m'tulo, malovu akunyowetsa phewa langa.
Ndaima pafupi ndi okala ija, ndikuwerengetsa mumtima:
mazira khumi ndi awiri, sopo, lendi Loweruka.
Ndadzidzimuka nditapeza chala changa pakati pa mano,
ndikudziluma chikhadabo, munthu wamkulu, pamsewu.

Ndakumbuka mayi anga ku Chiradzulu akuseka,
akuti ine ndinasiya ndili Sitandade Thuu,
tsabola ndinkangonyambita n'kupitiriza.
Khonde silinamere.
Kanangotsala kampata aka pakati pa mano akutsogolo,
komwe bambo ako amati ndi kamene kanawaimitsa njinga
tsiku lija pa Kamba.

Gona, mwanawe.
Pa twente-foro mwezi wamawa tidzalawiranso,
ine, iwe, ndi chala chakocho.
Nachonso achikweze sikelo.